Chaka Chimene Ba Chanda Analeka Kutukwana Agogo

Ndikamakumbukira agogo anga aamuna, aDaka, chimene chimayamba kufika m'mphuno mwanga ndi fungo la tsitsi likupserera pa mbaula, losakanikirana ndi la palafini amene ankatsukira kamakina kawo kometera. Zinkachitika Loweruka masana, dzuwa litapendeka, kuseri kwa nyumba yathu ya zipinda ziwiri ku Kabwata, mu Lusaka, pansi pa mtengo wa gwafa umene zipatso zake sizinkapsa chifukwa ana tinkazithyola zikadali ziwisi. Kamakinako kankalira kuti ketekete, ketekete, nthawi zina n'kutsina khosi, munthu n'kunjanja pampando. Kumpopi wa tonse azimayi ankakangana za ndowa, ndipo patali sitima inkalira polowa m'tauni. Ntchito yanga inali yosesa tsitsi lonse, osasiya ndi limodzi lomwe, n'kukalitentha. Agogo ankati tsitsi la munthu silisiyidwa poyera, ndipo mutu suupereka kwa munthu amene sukumudziwa mtima.

M'nyumbamo tinkakhala awiri basi. Agogo aakazi anamwalira ine ndisanabadwe. Bambo anga anapita kumigodi n'kuiwala njira yobwerera. Amayi ankalera ana a anthu ku Woodlands, ankagona komweko, ndipo ankabwera Lamlungu la kumapeto kwa mwezi atanunkhira sopo wa eni ake. Choncho amene anandiphunzitsa kuyatsa mbaula ndi kusita diresi la sukulu anali agogo, nkhalamba yaitali, yowonda, ya penti m'zikhadabo. Moyo wawo wonse anali wopaka penti m'nyumba za anthu olemera ku Kabulonga, kulowera khomo lakuseri ndi kumwera tiyi m'chitini cha jamu.

Mutu wawo ankaupereka kwa munthu mmodzi yekha: ba Chanda, Mbemba wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankagulitsa mchere ndi tinsomba touma ta kapenta pamsika. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya. Ndiye kuti timatukwanana popanda mlandu, ndipo wokwiya ndi amene amaoneka wopusa. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani. M'mawa uliwonse, ndisanatsegule n'komwe maso, ndinkamva mawu kumpanda.

"Iwe wakudya mbeba, wauka shani? Sizinakulume mu mala?" Amenewo anali ba Chanda, ndi Chinyanja chawo cha m'tauni.

"Ndadzuka, wodya anyani," agogo ankayankha. "Abale ako a mumtengo agona bwanji?"

Akatero ndiye kuti kwacha. Anadziwana nthawi ya azungu, pakhomo la butchala ina m'tauni, kumene anthu akuda ankawagulitsa nyama kudzera pawindo. Onse awiri anakana kuchoka pakhomo, anamenyedwa ndi chibonga chimodzi, nagona m'chipinda chimodzi cha nsabwe. Mmenemo ndi mmene anayambira kumetana, ndipo ufulu utabwera sanaleke.

Kumetanako kunali ndi lamulo lake. Wogwira makina ndiye ankalankhula, ndipo wometedwa ankayenera kukhala duu, chifukwa akatembenuka kuti atsutse, khutu linkalowa m'mavuto. Nkhani yake inali imodzimodzi chaka ndi chaka: dziko limene anamenyera lija lidzaoneka bwanji likadzakhwima.

Agogo akagwira makina ankaweramitsa mutu wa mnzawo n'kuyamba ngati akulalikira. "M'dziko limene tikumangali, Chanda, mipanda ija ya ku Kabulonga tidzaigumula, njerwa zake timangire sukulu. Ndimaidziwa, ndinaipaka ndine. Mwana wa nduna ndi mwana wa wosesa mumsewu adzakhala pabenchi limodzi, ndipo akadwala adzagona m'chipatala chimodzi. Migodi ya tonse, minda ya tonse, sitolo ya tonse. Palibe amene adzatchedwe bwana, ndipo palibe amene adzamwere m'chitini." Ba Chanda ankangofwenthera m'mphuno, makutu atafiira, kudikira nthawi yawo.

Ikafika nthawiyo ankakutumula nsalu, n'kukankhira agogo pampando. "Manje nimvele. Cha bonse chilibe mwine. Ona pompi ija, ni ya bonse, idontha kuchokela pa ufulu, nindani anaikonza? Mu dziko yanga munthu aliyense azankhala na kanthu kake, na kiyi yake mu thumba. Boma izankhala monga mlonda, iyang'ane bakawalala basabe, isangene mu nyumba yanga. Tate ni tate pa nyumba, bana bagwada, pa Sondo bonse ku chalichi. Ukasebenza maningi udya maningi. Ukagona, njala izakuutsa."

"Nanga wodwala?" agogo ankaswa lamulo, mawu akutulukira pachifuwa. "Nanga mkazi wosiyidwa, ngati mayi wa mwana uyu?"

"Babululu na chalichi."

"Achibalewo ali kuti?"

"Nkhala zii, nizakudula khutu."

Ine ndi tsache langa ndinkakhulupirira amene walankhula pomaliza. Koma ndinkaonanso zina zimene eni akewo sankaziona. Ba Chanda, a njala idzakudzutsa aja, ankathirira azimayi amasiye mchere wodzaza manja n'kuyang'ana kumbali ngati sakudziwa. Agogo, a zonse ndi za tonse aja, kamakina kawo ankakatsekera m'chitini pansi pa bedi, ndipo ngakhale m'busa atabwera kudzabwereka sakanakaona.

Kenaka kunalengezedwa kuti chipani chikhala chimodzi. Agogo anasangalala ndi mtima wonse. Ankati tsopano kukokanakokana kwatha, tigwire ntchito. Anawasankha kukhala tcheyamani wa dera lathu, nagula jekete la kaunjika, napachikapo baji. Anyamata a chipani anayamba kuima pachipata cha msika ndi pokwerera basi, kufunsa khadi. Wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake. Ba Chanda anakanitsitsa kugula. Anati sanamenyedwe ndi mzungu kuti adzaonetse kapepala kwa mwana wosamera ndevu pofuna kugulitsa mchere wawo. Agogo ndi amene ankawateteza. Ankauza anyamatawo kuti, "Ameneyo musiyeni, ndi mbuya wanga, ndi kapolo wanga ameneyo," ndipo anyamatawo ankaseka n'kuwapatsa njira.

Nthawi imeneyo zinthu zinali zitayamba kusowa m'masitolo a boma. Tinkaima pamzere wa sopo, wa mafuta ophikira amene tinkati saladi, wa shuga, ndipo nthawi zina unkaima usanadziwe kuti mzerewo ndi wa chiyani. Loweruka ba Chanda ankapeza zambiri zonena, ndipo agogo ankayankha kuti nyumba siiweruzidwa isanapakidwe penti.

Lamlungu lina masana kunali msonkhano pabwalo la pafupi ndi msika. Kunabwera wamkulu wina wa chipani wochokera m'tauni, pagalimoto yakuda, atavala suti ya manja aafupi. Ife ana a sukulu anatikhazika patsogolo, pafumbi, kuti tiziomba m'manja. Agogo anapatsidwa mpata wolankhula, ndipo sindinawaonepo akuwala nkhope ngati tsiku limenelo. Ananena zonse zija za pansi pa gwafa, za mipanda, za benchi limodzi, za chitini, ndipo anthu anawaombera m'manja moona. Atatenthedwa choncho, maso awo anagwera kumbuyo kwa gulu, kumene ba Chanda anaima atapinda manja. Agogo sakanatha kuona nkhope imeneyo osaigenda.

"Ngakhale uyo," anatero akuloza, "wodya anyani uyo, amene amati sitolo za boma zigulitsidwe, amene amati zipani zichuluke ngati abale ake mumtengo, nayenso m'dziko lathuli adzadya nafe!"

Bwalo lonse linaseka. Ba Chanda nawo anaseka, n'kukweza mawu monga mwa masiku onse: "Iwe wakudya mbeba, dziko yako ya bonse ilibe na sopo! Yamba waleta sopo mu sitolo, elo ukambe!"

Apa ndiye anthu anagwa nacho chiseko. Azimayi amene anali atatopa ndi mizere analuluta, ena kugwirana m'mapewa. Agogo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi dzanja la jekete. Ine ndinali pafupi ndi thebulo la akuluakulu, ndipo ndinaona kuti wamkulu uja sanaseke. Chimbuya ankachidziwa, m'Lusaka ndani sachidziwa? Koma iye anamva anthu ambirimbiri akuseka chipani pamaso pake. Anakodola agogo, nafunsa motsitsa kuti mdala uja ndani.

"Ameneyo?" agogo anayankha akusekabe, monyadira ndithu. "Ndi Chanda, wogulitsa mchere pamsikapa, mbuya wanga. Musamumvere, anyani anamukwera m'mutu."

Lolemba ndikuchokera kusukulu ndinapeza pamsika pali mbee, mchere uli pansi. Thebulo la ba Chanda linali chagada, kapenta atapondedwa m'fumbi. Azimayi ena ankawola mcherewo ndi manja mwakachetechete, osayang'anana. Akazi a ba Chanda, amene tinkawatchula kuti bana Mwila, anakhala pansi atatambalala, chitenje chili kumutu. Ba Chanda anali atatengedwa pagalimoto, ndipo masiku amenewo munthu sunkafunsa kuti wapita kuti.

Agogo anavala jekete lawo la baji, nayenda wapansi mpaka m'tauni. Anapita mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka nsapato inatseguka kukamwa. Ankawakhazika pabenchi tsiku lonse. Ankafotokozera aliyense wodutsa kuti zinali zachimbuya, kuti munthuyo anamenyera ufulu, kuti ngati pali wolakwa ndi iwowo amene anayamba. Pomaliza mnyamata wina wa mu ofesi anawagwira paphewa n'kuwauza kuti, "Mdala, pitani mukapumule. Mwatithandiza kale." Mawu amenewo anandiuza okha atafika kunyumba, atakhala pabedi nsapato zili kuphazi, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Ba Chanda anabwerera mvula yoyamba itagwa. Ndinawaona ndine, akubwera m'kanjira ka kumpopi, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza. Kumene anali kuja anawameta ndi lezala yobuntha, mopanda madzi. Mutu unali ndi zipsera, ndipo apa ndi apo panatsala timagulu ta imvi. Ndinakuwira agogo, ndipo anatuluka opanda nsapato. Atafika pampanda anaima, maso ali pamutu uja. 

"Wabwera, wodya anyani," anatero.

Ba Chanda anaima. Anawerama pang'ono, naomba m'manja mwaulemu monga amachitira Abemba kwa mfumu.

"Mwachoma bwanji, ba tcheyamani," anatero, n'kulowa m'nyumba mwawo.

Ndinali mwana, koma ndinamva kuti chinthu chathyoka. Akanawalavulira, akanawagenda ndi mwala, agogo akanapirira. Koma ulemu umenewo unawapweteka kuposa chibonga cha mzungu. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa kumpanda kunali zii. Akakumana panjira, ba Chanda ankavula chipewa n'kupereka moni wathunthu, kufunsa za thupi ndi za mwana, ndipo agogo ankabwera kunyumba atakalamba kuposa mmene anachokera.

Loweruka lililonse agogo ankatulutsabe mpando pansi pa gwafa. Ankatsuka kamakina ndi palafini, n'kupinda nsalu pamsana pa mpando, n'kukhala pa njerwa kuyang'ana kumpanda. Ine ndinkayatsa mbaula ngakhale panalibe choti nditenthe. Dzuwa likalowa ankalowetsa zonse. Tsitsi lawo linakula, linachita mapiringidzo oyera mpaka kuphimba makutu. Amayi atabwera kumapeto kwa mwezi anawachonderera kuti apite kwa wometa wa pamsika, anthu ayamba kunena. Agogo anangoti, "Ameneyo sindimudziwa."

Anthu anali atayambadi kunena. Ku Kabwata konse kunamveka kuti aDaka anapereka mnzawo. Tikafika pampopi nkhani zinkaduka, azimayi n'kundipatsa malo kuti nditunge msanga ndichoke. Anzanga amene tinkasewera nawo waida anauzidwa kwawo kuti asamalankhule zambiri pali mdzukulu wa kazitape. Kuchipani nako sanawafune. Anati tcheyamani wanji wolirira mdani, ndipo mpando anaupereka kwa munthu wina wachinyamata. Jekete lija linapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Pakhomo pathu pankatha sabata yathunthu osamveka odi, ndipo ndinkalakalaka ngakhale munthu wosochera adzafunse njira.

Tsiku lina ndikutsuka mbale, agogo anayamba kulankhula ali chikhalire pa njerwa yawo, osandiyang'ana. "Esinati, dziko langa lija ndinalimanga lonse m'mutu muno. Sukulu ndinaika, chipatala ndinaika, ngakhale mtundu wa penti ndinasankha. Koma sindinaganizepo kuti munthu wokana tidzamuika pati. Ndinkangoti Chanda adzakhalapo, azidzakana, ife tizidzaseka." Anayang'ana kumpanda. "Sindinaleke kulikhulupirira, usandimve molakwa. Mwana wa wosesa ayenera kukhala pabenchi lija. Koma ndamusowa munthu uja, mwana wanga. Ndamusowa kwambiri."

 Ndinapitiriza kutsuka mbale imene inali itayera kale.

Ba Chanda sanabwererenso pamsika, chifukwa malo awo anapatsidwa kwa wina wa khadi. Anayesa kugulitsira pakhomo, koma anthu ankaopa kuonedwa akugula. Munthu amene ankalota kiyi wakewake m'thumba anayamba kudyetsedwa ndi mwana wake Mwila, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki. Mvula itatha tinamva kuti Mwila akuwatumiza kumudzi, kumpoto, kutali kumene basi imayenda usana ndi usiku.

Lole inabwera Loweruka m'mawa. Anakweza bedi, mpando wa ndalema, mbaula, ndi masaka a ziwiya. Anthu oyandikana nafe anaima patali m'makomo mwawo. Agogo anakhala m'nyumba nthawi yonse imene ankapakira, ndipo ndinkawamva akuyendayenda kuchoka kuchitseko kupita kuwindo. Bana Mwila atakwera kutsogolo, agogo anatuluka. Tsitsi lili nyankhalala, malaya osamanga mabatani bwino, anadutsa pampanda kupita pamsewu, pamene ba Chanda anali atagwira kale chitseko cha lole. Ndinawatsatira.

"Chanda," anatero agogo. "Ukupita kwa abale ako eti? Ukawauze kuti atsike mumtengo, akulandire. Ukawauze kuti wodya mbewa wapereka moni."

Anali akupempha. Aliyense amene anaima pamenepo anadziwa kuti akupempha, ndipo anadziwanso chimene ankapempha. Woyendetsa lole anazimitsa injini. Ba Chanda anatembenuka, nayang'ana agogo kuyambira kumapazi mpaka kutsitsi lija, ndipo maso awo anakhalitsa patsitsipo. Ndinaona kukamwa kwawo kukutseguka. "Iwe," anayamba. "Iwe wakudya..."  Anayesanso, dzanja litafinya chitseko. Ine mumtima ndinkawathandiza, ndinkawatchulira mawu otsalawo, mawu aafupi amene anawanena m'mawa uliwonse wa moyo wanga.

"Daka," anatero potsiriza, motsitsa kwambiri. "Nayesa. Vakana kuchoka pakamwa."

Anakhudza mkono wa agogo ndi nsonga za zala, n'kukwera. Lole inanyamuka, inakhota pampopi, ndipo agogo anaimabe pamsewu mpaka fumbi lonse litakhazikika. Atabwerera anandiuza chinthu chimodzi chokha, kuti, "Wamva? Wanditchula dzina." Anakhala ndi kachinthu kameneko zaka zimene zinawatsalira, ndipo sanaonanenso.

Madzulo a tsiku limenelo anandituma kukaitana wometa wa pamsika. Munthuyo anameta bwino, mwachangu, akucheza za mpira, ndipo agogo sanayankhe ndi liwu limodzi.

Lero ndine gogo nanenso, ndinapuma ntchito yauphunzitsi, ndimakhala ku Chelstone. Zipani zinachulukanso, ndipo adzukulu anga akabwera amakangana pakhonde za dziko labwino, wina kufuna kuti boma ligwire zonse, wina kufuna kuti lichotse manja. Ndimawasiya, chifukwa phokosolo limandisangalatsa. Koma chimbuya chinandikanika moyo wanga wonse. Ndaphunzitsa ndi Abemba, ndimapemphera nawo, mpongozi wanga ndi Mbemba. Akandigenda ndi za mbewa pamaliro kapena paukwati, yankho ndimakhala nalo, lakuthwa ndithu, pakuti ndine mdzukulu wa aDaka. Koma lisanatuluke, maso anga amayamba azungulira gulu lonse kufunafuna munthu amene sakuseka, ndipo pomwe ndikumaliza kuyang'ana, nthawi yoyankha imakhala itapita. Amati ndine wonyada.